Wachikasu ndi Wamadzi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha galu wa eni nyumba. Nditamaliza maphunziro a zaumoyo wa ziweto ndinachoka kwathu ku Katete n'kudzakhala ndi azakhali anga ku Kabwata, mu Lusaka. Ndinakhala miyezi ndithu ndikungotsuka mbale ndi kuzungulira m'tauni kufunsira ntchito, mpaka nsapato zinatha chidendene. Tsiku lina m'mawa galu uja anadzicheka mwendo pa lata la mpanda. Magazi anali ponseponse pakhonde, ana akulira, bambo mwini nyumba atangogwira m'chiuno. Ine ndinang'amba chitenje chakale, ndinatsuka bala ndi madzi amchere n'kumanga. Kenako tinamukweza pa takisi mpaka ku kachipatala ka ziweto ku Woodlands.

Dokotala wake anali mayi wa ku Kasama, wamfupi, wosataya mawu. Aliyense ankawaitana kuti ba dokota monga amachitira ku Lusaka, ndipo nanenso ndiziwatchula choncho. Anamasula chitenje changa, anayang'ana bala, n'kufunsa kuti wamanga ndani. Ndinakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Wamangisa maningi, ungadule mwendo," anatero. "Koma chilonda ni choyela. Iwe ndiwe ndani?"

"Ndine Tikambenji. Amangoti Tika."

"Tika, bwela pa Mande."

Ndinabwerera ku Kabwata ndikuimba. Lolemba ndinalawirira, m'mutu mwanga ndikuti malo ndi anga ndekha. Ha! Ndinapeza mtsikana wina ataima kale pa sinki akutsuka zitsulo za opaleshoni, yunifolomu ikumukhala ngati anabadwa nayo. Dzina lake anali Chileshe, wa ku Kitwe, ndipo anali atangoyamba kumene. Ba dokota sanabise kanthu. Malo a wothandiza m'chipinda cha opaleshoni, chimene tinkangochitcha fiyeta, anali amodzi. Ife tinali awiri. Pakutha pa miyezi yoyeserera, mmodzi adzatsala, wina adzapita.

"Muli shani, mwandi?" Chileshe anandipatsa moni akumwetulira, mano oyera mbee, kampata pakati. Ndinamuda pomwepo. Sanandilakwire kanthu mwana wa eni, koma ndinamuda.

Kwa inu amene simunaonepo galu akuchitidwa opaleshoni, galu sumangomugwira n'kumugoneka. Mumayamba mwamukweza pa sikelo, kumvetsera mtima wake ndi kutukula mlomo kuti muone mtundu wa nkhama. Kenako mumamubaya jakisoni woyamba, wa mumnofu, wongomukonzekeretsa. Mu jakisoni ameneyu mumasakaniza mankhwala awiri, ena omufatsitsa, ena oletsa ululu, kuti mantha achoke ndiponso kuti mankhwala ogonetsa enieni asadzafunike ambiri. Akafooka mumameta mwendo wakutsogolo, kulowetsa kapaipi kakang'ono kotchedwa kanyula mumtsempha, kumata pulasitala ndi kulumikiza diripi. Ndiye mumapereka puropofo, amene ife tinkangoti wamkaka chifukwa cha mtundu wake, pang'onopang'ono mpaka nsagwada zitalefuka. Mumakoka lilime n'kulowetsa chubu m'kholingo. Kunsonga kwa chubucho kuli kabaluni, kamene mumakapopa ndi sirinji ya mpweya kuti katseke kholingo m'mbali monse, pasadutse china chilichonse. Mukamangirira chubu ndi bandeji kuseri kwa makutu, galu amayamba kupuma gasi wa pamakina, dokotala n'kugwira mpeni. Ndipo lamulo lalikulu pa zonsezi ndi lakuti galu asadye kanthu m'mawa wa opaleshoni, chifukwa wogona sameza, ndipo chakudya chikabwerera kukhosi chimatha kulowa m'mapapo.

Ife tinafika ba dokota ali pakati poyerekeza mitundu iwiri ya jakisoni woyamba uja. Kwa zaka zambiri ankagwiritsa ntchito asepuromazini, amene m'botolo ndi achikasu. Tsopano kunayamba kupezeka medetomidini, amene amangooneka ngati madzi. Pachipatala palibe ankavutika ndi mayina aataliwo, tinkangoti wachikasu ndi wamadzi. Onse awiri ankasakanizidwa ndi mankhwala amodzimodzi oletsa ululu, petidini. Ba dokota ankafuna kuona ndi maso awo kuti woyenera agalu a pachipatala pawo ndi uti, ndiye anatigawira. Ine anandipatsa wachikasu, Chileshe wamadzi, kuti aliyense awadziwe ake bwinobwino. Opaleshoni ikatha tinkawauza kuti galu anafooka msanga kapena mochedwa, wamkaka analowa wochuluka bwanji, mtima ndi mpweya zinayenda bwanji, ndipo anadzuka motani.

Apa ndi pamene mutu wanga unasokonekera. Palibe anandiuza, koma ndinadzitsimikizira ndekha kuti jakisoni amene adzapambane, mwini wake ndiye adzatsale pantchito.

Ndipo abale, wamadzi anali wamadzi. Galu wobwera akudula tcheni, thovu kukamwa, Chileshe ankangomubaya kamodzi, posakhalitsa ali gone pansi ngati thumba la makala. Kanyula ankalowetsa akuimba nyimbo za kwaya. Wamkaka ankangofunika pang'ono. Choposa zonse, wamadzi ali ndi mnzake womuchotsa mphamvu, jakisoni wodzutsa. Opaleshoni ikatha Chileshe ankabaya ameneyo, galu n'kudzuka, kudzikutumula, n'kuyenda ndi miyendo yake mpaka kugalimoto. Eni ake ankaomba m'manja.

Nanga wanga wachikasu? Mayo ine! Ukabaya, dikira. Galu amangogwetsa zikope, kukhala pansi, kumakugwedezera mchira. Ukati wafooka, n'kuyatsa makina ometera, iye dzambatu. Wodzutsa alibe, amatha yekha m'thupi pa nthawi yake. Amatsitsanso kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, ndiye m'miyezi yozizira ija ine ndinkakhala pasimenti kutsogolo kwa makola, ndikusinthasintha mabotolo a madzi otentha ndi kufunditsa mabulangete mpaka dzuwa kupendeka. Chileshe nthawi imeneyo ali kutsogolo akuseka ndi makasitomala.

Chinkandipweteka kwambiri ndi kagawidwe ka agalu. Zigalu zaukali za m'mipanda ya anthu achuma a ku Kabulonga zinkafunika jakisoni wamphamvu, ndiye pafupifupi zonse zinkapita kwa Chileshe. Kwa ine kunkabwera agalu ofatsa a ku Chelstone, ku Libala ndi kwathu ku Kabwata, ena m'makatoni, ena pa chingwe cha thumba, odzatseketsa kubereka. Agaluwo ndinalibe nawo chifukwa, ndinkawakonda. Koma eni ake sankafunsa dzina langa. Pamene ba madamu a ku Kabulonga ankangoti akatsika m'galimoto, "Chileshe alipo?" Wina mpaka anamubweretsera keke. Chileshe anandidulira chidutswa chachikulu ndithu, ine n'kunena kuti dzino likundiwawa.

Ndinayamba kusakasaka zolakwa za wamadzi ngati mkazi wamitala pakhomo pa mnzake. Ndipo ndinazipeza. Nkhama za agalu a Chileshe zinkatuwa. Mtima unkagunda mochedwa kwambiri, mwakuti ukamvetsera unkayamba kuopa kuti kugunda kwina sikubwera. Ena akangobayidwa ankasanza m'khola. Aaa, galu wa Chileshe akasanza ine tsiku limenelo linali la Khirisimasi! Ndinkathamanga kukatenga mopu n'kumupatsa m'manja ndekha.

"Tenga, mayi. Jakisoni wako walankhula."

Iye ankangoseka n'kukolopa. Ine n'kukasuzumira mu ofesi. "Ba dokota, wamadzi wasanzitsanso. Wachikasu sachita zimenezo, amaletsa kusanza." Ba dokota ankangogwedeza mutu osadzutsa maso.

Madzulo ndikafika ku Kabwata nkhani inali yomweyo. Azakhali anapirira, anapirira, mpaka tsiku lina anaika chipande pansi. "Mwana iwe, kodi wachikasuyo ndi m'bale wako wa kwa amako? Tsiku ndi tsiku wachikasu, wachikasu. Anakulemba kuti uzisamala agalu kapena uziikira kumbuyo botolo?" Ndinakagona ndi mkwiyo.

Panalinso khalidwe lina la Chileshe limene ndinkayembekeza kuti lidzamugwetsa. Akangopeza kampata ankatuluka panja kukacheza ndi anthu obweretsa agalu, madalaivala, alonda, abambo osamala maluwa. Ankakhala nawo pa kakhoma ka pageti, kuseka, kusakaniza Chibemba ndi Chinyanja ngati anakulira limodzi. Ine ndinkati ndi ulesi, ndipo ndinkafuna ba dokota aziona. Akafunsa kuti Chileshe ali kuti, ndinkayankha mokweza ndithu, "Ali panja, monga mwa masiku onse."

Tsiku lovuta linafika mu Julaye, kukuzizira, mphepo ikuulutsa fumbi mumsewu. Magetsi anali atathima kusanache. Sola ya pachipatala inkangonyamula mababu, firiji ndi kachipangizo kopana lilime kosonyeza kugunda kwa mtima. Zina zonse zinkafuna jenereta, ndipo jenereta inkayatsidwa pa opaleshoni zazikulu zokha.

Pageti panalowa chigalimoto choyera. Munatsika mayi wovala bwino, foni pakhutu. Kumbuyo kunatsika bambo wachikulire wa ovolosi yobiriwira, atakulunga tcheni padzanja, ndipo kumapeto kwa tcheniko kunali chigalu chofiirira cha mutu ngati ndowa. Dzina lake Meja. Pa sikelo anandiposa ine kulemera. Anali ndi chotupa m'nthiti chimene ba dokota anali atapangana ndi mwini wake kuti achichotse, ntchito yaing'ono, yosafulumira. Ndinali nditayamba kale kubwerera m'mbuyo kuti ndimusiyire Chileshe, koma ba dokota anamvetsera pachifuwa pa galuyo nthawi yaitali.

"Mtima uli na kachongo," anatero, kutanthauza kaphokoso kosayenera. "Wamadzi awe, angauvutise. Tika, uyu ni wako. Wachikasu pang'ono chabe, agalu akulu safuna wambili."

Galu wa ku Kabulonga, wanga! Ndinakonza kolala, ndinapita kwa ba madamu aja n'kutulutsa Chingelezi changa chonse cha ku koleji. Ndinafotokoza za jakisoni, za chubu, za nthawi yodzamutenga. Pomaliza ndinafunsa funso la lamulo lija.

"Sanadye kanthu m'mawa uno, eti?"

Anayankha maso ali pa foni kuti sanadye chilichonse chichokereni dzulo, anawauza kale anthu a kunyumba. Anakwera galimoto n'kupita ku ofesi. Bambo wa tcheni uja anali ataima pomwepo, koma ine sindinawapatse ngakhale moni. Ndinangoti, "Gwirani mutu." Anagwada, anakumbatira chimutu chija akuchinong'oneza, ine n'kubaya pantchafu. Anamuperekeza kukhola, kenako anatuluka kukaothera dzuwa pageti. Dzina lawo ndinalidziwa pambuyo pake, anali ba Sakala, ndipo ndi okhawo amene Meja ankawamvera.

Tsiku limenelo wachikasu anandichitira ulemu. Meja anafooka bwinobwino, osalimbana. Kanyula kanalowa ulendo woyamba. Wamkaka anayenda, nsagwada zinalefuka, chubu chinalowa. Ndinapopa kabaluni, kenako ndinafinya thumba la gasi khutu lili pakamwa pa galu kuti ndimve ngati mpweya ukuthawira m'mbali. Unkathawa pang'ono. Ndinawonjezera mpaka kunati zii. Nkhama zinali zofiira bwino, mtima ukugunda mwadongosolo. Mumtima ndinkati, ba dokota onani, onani wachikasu. Iwo anasamba m'manja, anavala magolovesi, anayala nsalu zobiriwira n'kucheka.

Chotupa chili pakati potuluka, chitseko cha fiyeta chinatseguka. Anali Chileshe, wopanda chophimba kukamwa, akupuma mofulumira.

"Ba dokota, Meja adya."

"Sanadye," ndinatero ine. "Ndafunsa ndekha. Galu ndi wanga uyu."

Sanandiyang'ane n'komwe. Ba dokota anaimitsa mpeni. "Adya chani?"

"Nshima na utuchi wa nyama wa ku butchala. Mbale yonse, kuseni-seni."

Ndikunena zoona, pa nthawi imeneyo ndinkapemphera kuti akhale kuti wanama. Sindinkaganiza za galu. Ndinkangofuna kuti Chileshe achite manyazi kamodzi kokha pamaso pa ba dokota. Iwo anati bala latseguka kale, palibe kubwerera, amaliza msanga, ine maso akhale kumutu. Ndinawerama kuti ndione pansi pa nsalu. Ndipo ndinaona madzi abulauni akudontha kuchokera m'mphuno mwa Meja, kenako phala lolimba likusefukira m'mbali mwa chubu, mwakachetechete, galu osagwedezeka n'komwe.

"Zabwerera!" ndinakuwa.

"Sisani mutu!" Ba dokota sakanatha kugwira kanthu, manja awo anali m'bala. "Tika, baluni?"

"Ndinapopa."

"Onanso."

Ndinapukusa chogwirira cha tebulo mpaka mutu unatsika. Ndinafinya kachizindikiro ka kunja kosonyeza mpweya wa m'kabaluni, kanali kolimba. Ndinatambasula dzanja kuti ndiyatse makina oyamwa madzi m'kamwa, n'kukumbukira kuti magetsi kulibe. Kukayatsa jenereta kuseri kunalibe nthawi. Kachipangizo kaja kanaterereka palilime n'kuyamba kulira, ndipo ndinalibenso choonera mtima koma chala changa pamtsempha wa pantchafu.

Chileshe anali atafika kale pambali panga ndi tochi, mulu wa magozi, tinsalu topukutira mabala, chopanira chachitali ndi sirinji yaikulu imene anailumikiza ku chidutswa cha chingwe cha diripi. "Iwe gwila chubu na nsagwada, chisayende," anatero ndi mawu otsika. "Ine nizachosa." Zolimba sizikanadutsa m'kachingwe, ndiye tinazikolowola ndi zala, iye mbali iyi, ine mbali iyo. Fungo lake ndi losaiwalika, nsima yosasa ndi mafuta a nyama. Zinandiyenderera m'mikono mpaka pachifuwa. Zolimba zitatha tinatsuka m'kamwa ndi kukhosi ndi madzi ofunda, kuthira, kuyamwa ndi sirinji, kuthira, kuyamwa, mpaka madzi anayamba kubwerera oyera. Diso langa limodzi linali pa thumba la gasi, likufufuma ndi kuphwa. Silinaime. Ba dokota anasoka mofulumira kuposa mmene ndinawaonerapo, anavula magolovesi n'kumvetsera mapapo mbali zonse ziwiri.

"Kwamveka bwino," anatero. "Manje nchito ili pa kuuka. Chubu sichichoka mpaka ameze yekha."

Ndiye panayamba kudikira. Galu wotere ngozi yake ili pochotsa chubu, chifukwa kabaluni kakaphwa iye asanayambe kumeza, zotsalira kukhosi zimatsetserekera m'mapapo. Tinamugoneka pa matiresi mutu uli chotsika, mabotolo otentha m'mbali. Meja sankafulumira. Wachikasu wanga uja, amene ndinkamuikira kumbuyo ngati m'bale, anali atamugwira ndithu, ndipo ndinalibe chomudzutsira. Ndinakhala pasimenti ndikuyang'ana pashelefu pamene panali botolo la jakisoni wodzutsa, limene pa galu wanga linalibe ntchito.

Yunifolomu yanga inali yonyowa, mano akugundana. Chileshe anavula juzi lake n'kundiponyera. Ndinafuna kukana, koma kuzizira kunandiposa. Ndinavala juzilo ndikudana nalo. Linkanunkhira sopo wabwino.

"Wadziwa bwanji?" ndinamufunsa patapita nthawi.

"Nafunsa ba Sakala."

"Inenso ndinafunsa!"

"Unafunsa ba madamu. Ba madamu sadziba na kwamene mbale ya galu inkhala." Anatero mopanda mwano, akusisita khutu la Meja. "Elo ukafunsa munthu ati, sanadye ka? azakamba ati sanadye. Ayopa nchito yake. Ine nimankhala nao pansi, nawapasa moni, elo nafunsa ati, ba tata, lelo mwamupasa chani mwana wanu? Apo akuuza vonse, na supu yamene anaikako."

Miyezi yonse ija ndinkamunenera kwa ba dokota kuti ali panja, kani anali pantchito. Kwathu amati safunsa anadya phula, koma ine kufunsa ndinafunsa. Ndinangofunsa munthu wovala bwino, ndi funso lokhala ndi yankho lake kale.

Meja atayamba kugwedeza makutu, ba dokota anati tiitane ba Sakala, chifukwa chigalu chotere chikadzuka pakati pa alendo chikhoza kuluma chubu kapena munthu. Analowa chipewa chili m'manja. Ataona magozi ndi zonyansa mu ndowa, anagwada pafupi ndi mutu wa galu.

"Ba madamu anakamba ati osamupasa, koma sananiuze chifukwa," anatero. "Pamene mkazi wanga anayenda ku chipatala ninamupikila phala kuti ankhale na mphamvu. Manje uyu ayende ku mpeni na mimba ilibe kanthu? Anali kuniyangana, ba dokota."

Ba dokota sanakalipe. Anatenga chubu china pashelefu, anawaonetsa mmene chimalowera, n'kuwafotokozera njira ya chakudya ndi njira ya mpweya. Ba Sakala ankangoti, "Mayo, mayo," dzanja lili pamutu pa galu. Kenako Meja anameza. Anamezanso, n'kutsokomola. Ndinaphwetsa kabaluni pang'ono chabe kuti kakokolole zotsalira potuluka, ndinasolola chubu mutu uli pansi, ndipo galu anapuma yekha, mpweya woyera wopanda kukhorora. Anapatsidwa mankhwala oteteza mapapo. Anatsokomola masiku angapo, koma anachira.

Ba madamu anabwera chakumadzulo. Ba dokota anawauza zimene zinachitika, n'kuwonjezera kuti mlandu si wa ba Sakala, ulendo wina malangizo adzapatsidwa kwa munthu amene amadyetsa galu. Mayi aja anatembenuka, anaona Chileshe amene ankamudziwa kale pa za katemera, n'kumugwira manja onse awiri kumuthokoza.

"Awe, ni Tika," Chileshe anatero akundiloza. "Anapompa bwino baluni. Sembe si iye, vakudya sembe vangena mu mapapo."

Ba madamu anandiyang'ana, ine ndili mu juzi la eni, ndikununkha masanzi a galu wawo. Anati zikomo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Pa zonse za tsiku limenelo, chimene chinandibaya kwambiri ndi mawu a Chileshe amenewo. Akanandiseka, akanandinenera, ndikanapeza pogwira. Koma munthu akukuposa, n'kumakuyamikiranso pamaso pa anthu, umukwiyire pati? Mu minibasi yobwerera ku Kabwata ndinalira, kondakitala mpaka anandifunsa ngati kwagwa maliro.

Miyezi yoyeserera itatha, ba dokota anatiitana tonse mu fiyeta. Anayamba ndi za jakisoni. Anati wamadzi ndi wabwino kwa agalu aukali, athanzi, ndiponso pa ntchito zazifupi zofuna kuti galu adzuke msanga, koma pa mtima wofooka sayenera kuyandikira. Wachikasu ndi wofatsa, savutitsa kagundidwe ka mtima, koma ndi wochedwa, amaziziritsa, ndipo galu wotaya magazi kapena wofooka kwambiri sapatsidwa. Za kusanza anati kuli ndi kuipa kwake ndi ubwino wake, chifukwa Meja akanasanza m'khola tikanaona tokha n'kuimitsa opaleshoni mpaka mawa. Palibe wapambana. Onse awiri atsala pashelefu, galu aliyense ndi jakisoni womuyenera.

Kenako anamuuza Chileshe kuti atuluke kaye. Ndinadziwiratu.

"Tika, manja yako ni yabwino kuchila ya Chileshe," anatero. "Kanyula ungenesa kamozi. Koma iwe uyangana galu chabe, na botolo. Galu sabwela yekha ku chipatala."

Mabotolo onse awiri anatsala. Amene anachoka ndine. Ndinapinda yunifolomu, ndinabweza juzi lija nditalichapa, ndipo Chileshe anandiperekeza mpaka pa siteji akulira, ine maso ali gwaa.

Ba dokota anandinenera mawu abwino kwa mnzawo wina, ndipo tsopano ndili pa kachipatala kena ku Chelstone, kumene ndakhala zaka ndithu. Wachikasu ndimabaya, wamadzi ndimabaya, palibenso amene ndi m'bale wanga. Chileshe akadali ku Woodlands, ndi wamkulu wa fiyeta, ndipo ndikamva anthu akumutama ndimati inde ndi katswiri, n'kusintha nkhani msanga. Anthu amati nsanje imatha munthu akakula. Yanga yangophunzira kukhala phee.

Chimene ndinatola n'chimodzi. Galu akabwera, mwini galimoto ndimamupatsa moni, koma ndimafunafuna munthu amene wagwira tcheni. Ndimatuluka naye panja, timakhala pansi, ndimafunsa za kunyumba, kenako ndimati, "Ba tata, lelo mwamupasa chani mwana wanu?" Agalu ambiri ndawabweza kunyumba ndi funso limeneli, n'kudzabweranso mawa lake m'mimba muli pululu. Ndayesapo kulinena m'Chichewa changa cha ku Katete kuti likhale langa, koma silituluka bwino, ndipo ndimapezeka ndabwerera kwa mwini wake. M'mawa uliwonse ndimayamba ntchito ndi mawu a Chileshe m'kamwa mwanga, ndipo m'mawa uliwonse zimandiwawa.